Mwana Amene Ndinapatsidwa Pachigayo

Linali Lachinayi, nyengo yozizira, tirigu atayamba kufiira m'minda. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Amayi anandituma kuchigayo ndi dengu la mphale. Iwo anapita kudimba kukakumba mbatatesi ndi mng'ono wanga Elube.

Tinkakhala pakatauni ka m'mapiri, mbali ya Mozambiki. Panali masitolo asanu, tchalitchi, chigayo ndi msewu umodzi wafumbi. Abambo ankasoka zovala pakhonde la sitolo yomalizira. Malire anali pafupi. Munthu akanyamuka m'mawa ankafika ku Nsambe, m'boma la Neno, dzuwa lisanalowe. Kumeneko n'kumene amayi anabadwira, ndipo malume ankakhala komweko. Za nkhondo tinkangomva kwa apaulendo. Kwathu inali isanafike.

Pachigayo panali mzere wa madengu ndi matumba. Patsogolo panga panali mayi wina amene sindinkamudziwa. Anali wa kumidzi ya kuchigwa. Kumsana anali ndi mwana wamwamuna wosayamba kukwawa.

"Mtsikana iwe, tandigwirirako mwanayu," anatero mayiyo. "Ndikatenge thumba lina ndasiya pamlatho."

Anamuika kumsana kwanga, n'kumanga yekha chitenje pachifuwa panga. Anamangitsa kwambiri. Kenako anatsetsereka kulowera kumlatho.

Mfuti zoyamba sitinazimve chifukwa cha phokoso la chigayo. Ndinangoona anthu a pamsika akuthamanga, tomato atamwazika mumsewu. Wogayitsa anazimitsa injini. Pamenepo m'pamene tinamva.

Ndinaima kuseri kwa chigayo n'kuyang'ana kumlatho. Panali amuna ambiri onyamula mfuti, ena ovala zausilikali, ena malaya wamba. Mayi uja sindinamuone. Ndinadikirabe. Wogayitsa, ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, anandigwira padzanja n'kundikankhira kunjira ya kuphiri.

Kunyumba sindikanatha kupita. Utsi unali kuchokera mbali yomweyo.

Tinakwera phiri tili gulu. Ena ndinkawadziwa, ena ayi. Mkulu wina ananyamula wailesi yopanda mabatire. Mayi wina anali ndi chivundikiro cha poto m'manja, ndipo anachigwira ulendo wonse. Palibe amene anamufunsa.

Titafika pamwamba ndinacheuka. Tauni yonse inkaoneka ngati ili pachikhatho. Ndinawerenga madenga a masitolo kuyambira kumlatho. Anayi anali bwinobwino. Denga lachisanu linkayaka.

Mwana anayamba kulira. Bambo wina anatembenuka n'kunena kuti ndimuyamwitse, atigwiritsa. Ndinalibe chomupatsa. Pakamtsinje ndinaviika nsonga ya chitenje m'madzi n'kumuika pakamwa. Anayamwa nsaluyo mpaka anagona. Malovu ake anandinyowetsa paphewa, kenako anazizira.

Msewu tinaupewa. Akuluakulu anati mwina mwakwiriridwa mabomba. Tinadutsa m'minda ndi m'tchire, wina pambuyo pa mnzake, aliyense akuponda pamene waponda wa patsogolo. Patapata wanga mmodzi anaduka. Ndinavula winayo n'kuwasiya onse pamwala.

Anthu awiri anandifunsa ngati mwanayo anali wanga. Ndinavomera. Kufotokoza kunkafuna mpweya umene ndinalibe.

Pamalire panalibe waya kapena msilikali. Panali mzere wa mitengo ya bulugamu ndi kanjira ka ng'ombe. Tinadziwa kuti tawoloka titaona mayi wovala chitenje cha chipani akupeta nyemba pabwalo. Anatiyang'ana, anaika lichero pansi, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi ndowa ya madzi ndi dengu la manachesi. Chikho chinali chimodzi. Tinamwa mosinthana, ana poyamba.

Tinafika pachipatala cha Nsambe dzuwa litapendeka. Pabwalo panali kale anthu ena ochokera kwathu, atakhala pansi. Ndinayang'ana nkhope iliyonse. Amayi panalibe. Abambo panalibe.

Namwino anali wochokera kumpoto, Chichewa chake chinkamveka Chitumbuka. Anayesa kumasula mfundo ya pachifuwa panga, inakana. Anaidula ndi sizasi. Mwana atachoka kumsana, ndinalephera kuwongoka. Namwino anamuika pasikelo, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, n'kutenga khadi ndi cholembera.

"Dzina lake ndani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Nanga amake?"

Ndinati sindikudziwanso. Namwino sanakweze mutu. Anati khadi silingakhale lopanda dzina, ndinene lililonse. Ndinati Yohane. Linali dzina la abambo, ndipo ndilo linali pakamwa panga tsiku lonse.

Munthu wina wa pachipatalapo ankawadziwa malume, ndipo anakawaitana. Anabwera panjinga. Anandikweza pakaliyala, mwana ali pamiyendo panga, iwo n'kumakankha wapansi mpaka kumudzi. Akazi awo anali ndi khanda la miyezi inayi. Sanafunse zambiri. Anakhala pamkeka, khanda lawo bere ili, Yohane bere linalo.

Amayi ndi Elube anafika tsiku lachitatu. Anabisala m'bango kudimba, kenako anazungulira njira yaitali. Miyendo ya Elube inali itatupa. Amayi atandiona anandigwira kumutu ndi manja onse awiri. Kenako anaona mwana. Ndinawafotokozera za pachigayo. Anatereka madzi, n'kumusambitsa.

Miyezi yotsatira anthu anapitiriza kuwoloka. Ndikamva kuti kwafika gulu lina, ndinkabereka Yohane n'kupita kuchipatala. Ndinkamumangira chitenje chomwe chija, chosokereredwa pamene panadulidwa, kuti mwina wina achizindikira. Ndinkayenda pakati pa anthuwo pang'onopang'ono. Amayi ena ankamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako n'kupukusa mutu. Malume anapita naye mpaka kumsasa wa othawa nkhondo kumunsi ku Lisungwi. Anabwerera naye.

Za abambo tinamva patapita chaka, kwa wogayitsa uja. Anati amuna amfuti anatenga anthu angapo kuti awasenzere katundu wa m'masitolo. Abambo anawasenzetsa makina awo osokera. Wogayitsayo anawaona akuwoloka mlatho. Palibe wina amene anawaonanso.

Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo. Ife tinatsala. Malume anatidulira munda pafupi ndi wawo, ndipo amayi atamwalira anaikidwa m'manda a mudzi umene anabadwira. Elube anakwatiwa ku Ligowe.

Yohane anakula akunditcha achemwali. Tinamuuza zonse atayamba sukulu, wina asanamuuze kunjira. Lero amalima mbatatesi kumtunda kwa nyumba yanga, ndipo ali ndi ana atatu. Pamene ankalembetsa chiphaso cha unzika anamufunsa tsiku lobadwa. Anabwera kudzandifunsa ine. Ndinamupatsa tsiku limene tinafika ku Nsambe, chifukwa lina silidziwika.