Makombola Pafupi ndi Nkhokwe Yanga

Ndinanyamuka m'mamawa kwa Dzoole, komwe ndinkadwazika mchemwali wanga, nditamva kuti mdzukulu wanga Yamikani waitana kampani yophulitsa makombola pa ukwati wake kwathu ku Ntchisi. Bwalo la ukwatiwo ndi pakhomo panga, pomwe pali nkhokwe ya denga la udzu, chimanga cha chaka chonse chili momwemo. Mwezi wa Ogasiti, udzu wouma gwaa, mwera ukuwomba. Palibe anandifunsa.

Wakabaza wa njinga yamoto anandifikitsa pa Mponela. Anafuna zikwi zitatu, ndinamupatsa ziwiri, poti theka la njira ndinali m'malere ndi mabampu. Ndinagula mbatata yowotcha n'kuinyema pamaso pa wogulitsayo, kuopa kundigulitsa yofumbwa.

Dzuwa lili paliwombo, minibasi ya ku Ntchisi inali isanadzaze. Panaima lole yoyera, mayi wina wovala ovolosi n'kumafunsa njira ya kumudzi kwathu. Ndinadziwiratu kuti ndi a makombola aja.

"Ndinu aja owotcha midzi ya eni?"

"Sitiwotcha agogo, timakongoletsa kumwamba. Kwerani mutilondolere."

Ndinakwera kutsogolo, kachikwama ndili nako pachifuwa. Kumbuyo kunali mabokosi omangidwa zolimba ndi migolo ya madzi. Dalaivala atatulutsa ndudu, mayiyo anamulanda n'kuithyola pakati. Apo ndinamuyang'ana kachiwiri.

Tikukwera mapiri, ndinamufunsa ngati anauzidwa za nkhokwe.

"Mkwati anati bwalo ndi loyera. Ife pafupi ndi udzu sitiphulitsa."

"Ndiye pakati pa inu ndi iye, wina akunama."

Tinafika dzuwa litapendeka. Wonama ndinamupeza. Denga la nkhokwe yanga linali kale pansi, anzake a mkwati akuwolera chimanga changa pafumbi, mbuzi zili m'mbali kudikira.

"Agogo, mwafulumira bwanji?" anatero Yamikani. "Tikanabwezeretsa Lolemba."

"Nkhokwe amatsegula ndi mwini wake. Agogo ako aamuna anamwalira asanapisemo dzanja. Iwe ndiwe ndani?"

Ndinakhala patsinde pa nkhokweyo, miyendo tambalale. Mayi wa ovolosi anayang'ana denga lija, anayang'ananso khola la mbuzi, nalonso la udzu.

"Achimwene, mabokosi satsika pano. Kudambo kuja kokha."

"Alendo a ku Lilongwe akaponde matope?"

"Kapena tibwerere nawo. Ndalama sizibwerera."

Denga linakwera pomwe linachoka. Chimanga anatola chimodzichimodzi, mkwatiyo nayenso atagwada, ine ndikumuloza chomwe wasiya.

Mawa lake makombola anakaphulikira kudambo. Akuti kumwamba kunachita maluwa. Ine sindinaone. Ndinali pankhokwe ndi ndowa ziwiri za madzi, poti mayi uja ngakhale anathyola ndudu, mphepo si wantchito wake. Njira yonse ndinkaopa alendo, chikhalirecho wondipasulira nkhokwe ndi amene ndinamubereka kumsana kwangaku.