Dzino la Nyenje

A Unno Shigeharu ndinawadziwa kudzera mwa Fumie, mnzanga wa kusukulu, amene anakwatiwa nawo ine ndikumuletsa. Ndinkamuuza kuti mwamuna wobwera kudzakuona n'kuyamba kukonza chitseko cha makolo ako asanakupatse moni, ameneyo tsiku lina adzafuna kukonzanso iweyo. Fumie anangoseka, n'kukwatiwa.

A Unno ankagwira ntchito ku Shimizu, pafakitale yoika nsomba m'zitini, ndipo ntchito yawo inali kumvetsera makina. Akamva kulira kwachilendo ankatsegula, kuchotsa chodwalacho n'kuikapo china. Kwa iwo chinthu cholira chinali chodwala, basi. Khutu lomwelo ankabwerera nalo kunyumba, moti kwawo kunalibe chitseko cholira kapena mpopi wodontha. Ine ndimagulitsa odeni, mazira ndi ndiwo zina zowiritsa mumsuzi, m'kasitolo kanga pafupi ndi mtsinje wa Abe, ndipo tsiku lina anandimasulira fani osawapempha, pakati pa chilimwe, makasitomala akukha thukuta pamphika. Ndinawathamangitsa ndi chikombe.

Ana analibe. Chimene anali nacho ndi akasinja, osati enieni ayi, koma timagalimoto tankhondo tija toyendetsa ndi rimoti, kukula kwake ngati mphaka wokhuta. Lamlungu lililonse azibambo a imvi amasonkhana pamiyala ya m'mbali mwa mtsinje n'kumathamangitsana nato, akatopa amabwera kwanga kudzadya n'kundidetsera pansi ndi matope. Anthu amenewa sagula kasinja kuti aziyendetsa, amagula kuti amasule. Lero achotsa matcheni apulasitiki aika achitsulo. Matcheni alemera, ndiye pafunika magiya achitsulo. Magiyawo afuna mota yamphamvu, motayo yafuna batire lalikulu, mpaka cha poyamba chotsala ndi dzina lokha. Koma zochotsedwazo sataya. Ali ndi lamulo lawo lakuti chilichonse chotuluka mwa kasinja chiponyedwe m'bokosi lakale la tiyi, ndipo wochifuna amatola osafunsa mwini wake. Bokosilo limakhala m'sitolo mwanga, pansi pa benchi, chifukwa akazi awo onse analikana.

Kasinja woyamba wa a Unno anawagulira ndi Fumie, chaka chimene madokotala anawauza kuti za mwana aiwale. Anali wapulasitiki yekhayekha, wotchipa, ndipo tsiku loyamba lomwelo anagwa pakhonde, dzino limodzi la giya n'kubenthuka. Kuyambira pamenepo akamayenda ankalira ngati nyenje ya m'chilimwe: tsiii, kenako ke, tsiii, ke. Fumie anamutcha Nyenje. A Unno atatenga zida kuti akonze, mkazi wawo anawagwira dzanja.

"Iwe Shige, enawo ukadzagula uzing'amba mmene ungafunire. Uyu musiye."

"Akudwala ameneyu, sukumva?"

"Ndikumva. Ndikamamva ndimadziwa kuti uli pakhomo, sunapite kokamwa."

Kunena mwamuna wake kuti "iwe" pagulu, Fumie yekha. Azimayi anzathu ankamujeda, iye analibe nazo ntchito, ndipo a Unno akamva "iwe" ameneyo nkhope inkawala ngakhale akukalipidwa.

Anamusiyadi Nyenje, ngakhale manja ankawayabwa. Anagula akasinja ena, kuwang'amba, kuwalemeretsa ndi zitsulo, mpaka anatchuka kuti wofuna magiya osalira apite kwa a Unno. Koma Lamlungu, Fumie akabwera ndi mphasa yake ndi fulasiki ya tiyi, ankatulutsa Nyenje n'kumulozetsa pachitunda chija chotchinga madzi a mtsinje. Nyenje ankakwera kufika pakati, kulira mokweza, n'kutsetsereka chambuyo.

"Watengera mwini wake," ankatero Fumie. "Phokoso lambiri, kukwera ayi."

"Tsiku lina adzakwera, udzaona."

"Ndidzakhala nditakalamba."

Anakalambadi, koma mutu ndi umene unatsogola. Zinayamba pang'onopang'ono. Nsapato zinapezeka mufiriji. Tsiku lina anandifunsa kuti mayi anga ali bwanji, pamene pamaliro awo, mtembo utawotchedwa monga mwa mwambo wathu, iye ndi ine tinatola mafupa awo ndi timitengo. A Unno anamusamalira okha nthawi yaitali, kumuphikira, kumusambitsa, mpaka tsiku limene apolisi anamupeza pasiteshoni ya sitima atavala patapata, akuti akupita kusukulu. Ndiye anamupititsa kunyumba yosamalira okalamba, kumtunda kuja pakati pa minda ya tiyi. Ine ndinkawaperekeza Lachitatu, tsiku limene ndimatseka sitolo.

Kumeneko ndi kumene "iwe" anathera. Tikalowa, Fumie ankaika manja pamaondo, kuwerama mwaulemu, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo? Mwabwera kudzaona ndani?" A Unno ankayankha mwaulemu womwewo. Tikatuluka ankakhala m'galimoto atagwira chiwongolero osaliza injini, ine ndikuyang'ana minda ya tiyi ngati sindinaionepo.

Namwino wina anawalangiza kuti azibwera ndi chinthu cha kunyumba. Anayesa zithunzi, anayesa kapu yake ya tiyi, zonse anangozilandira ndi zikomo wa mlendo. Kenako Lachitatu lina anabwera ndi Nyenje. Anamuika pansi panja pa chipinda, n'kumulowetsa yekha pakhomo. Tsiii, ke. Tsiii, ke. Fumie anali akuyang'ana pawindo, ndipo sanacheuke n'komwe.

"Iwe Shige, ukukandanso pansi ndi chinthu chakocho. Wavula nsapato?"

Ine ndinalira poyera, namwino akundiona. A Unno anayang'ana kumapazi kwawo n'kunena kuti avula.

Kuyambira pamenepo dongosolo linali limenelo: Nyenje patsogolo, mwamuna pambuyo. Nyenje akamalira, Fumie ankadziwa kuti uyu ndi Shige. Ankawafunsa ngati akudya zamasamba, ankawanyoza kuti malaya sanasite, inenso ankanditchula dzina langa, Tokiko, n'kundiuza kuti odeni wanga ndimathira mchere wambiri, lomwe ndi bodza. Batire likatha, pakapita kanthawi, maso ake ankabwerera kuwindo. Koma kanthawi kameneko n'kamene kankawayendetsa a Unno sabata yonse.

Panyumbapo pali kanjira kotsetsereka ka njinga za olumala, kochokera m'munda wa maluwa kukwera pakhonde. Tsiku lina kunja kutacha bwino tinakhala pakhondepo, ndipo a Unno anamulozetsa Nyenje pakanjirako. Anafika pakati, analira, anatsetsereka. Fumie anaseka mpaka kutsokomola.

"Sakwerabe? Paja unati adzakwera."

M'galimoto a Unno anali ngati munthu wamwa. "Mwamva, a Tokiko? Akukumbukira lonjezo langa."

"Amakusekani, a Unno. Limenelo si pempho."

"Ndiponso giya lija layamba kudumpha. Likadzafera m'manja mwanga ndidzatani?"

"Likadzafa tidzaona. Musamugwire."

Anagwedeza mutu, ine n'kuyesa kuti zatha. Patapita masiku, chimfine chinabuka ndipo kunyumba kuja anatseka alendo kwa masabata angapo. Nthawi yomweyo mwana wanga wamkazi anachira ku Hamamatsu, ndiye ndinapita kukathandiza, sitolo n'kusiyira mphwanga. A Unno anatsala okha m'nyumba ya zii, ndi zida zawo, ndi tsiku lobadwa la Fumie likubwera kutsogolo. Munthu woteroyo simumusiya yekha ndi chinthu cholira.

Nditabwerera, Lamlungu, ndinapeza azibambo aja ataunjikana pansi pa chitunda. Nyenje ndinamuzindikira penti yokha. Matcheni achitsulo, mawilo achitsulo, m'mimba magiya achitsulo opakidwa girisi, ndipo anamuikira sipika yotulutsa mkokomo wa injini yeniyeni ndi kachipangizo kofukitsa utsi kumbuyo. Ntchito inali yaukhondo, zimenezo sindingawanamizire. Anakwera chitunda chonse osapuma, anatembenuka pamwamba, azibambo n'kuwomba m'manja ngati ana a sukulu. Ine ndinatchera khutu. Nyenje munalibemo.

"Magiya akale ali kuti?" ndinafunsa.

"M'bokosi," anatero a Unno, ngati ndawafunsa kumene dzuwa limatulukira.

Ndinafuna kukafufuza nthawi yomweyo, koma makasitomala anadzaza, ndipo iwo anali atatsimikiza kuti Fumie amadziwa kasinja wake ndi maso. Ndinawakalipira, anandiseka, anati akazi sadziwa makina.

Lachitatu tinapita, ndi keke. Namwino anamutulutsa Fumie pakhonde. A Unno anaima m'munda wa maluwa atavala jekete, analiza injini, utsi unafuka, kasinja n'kuyamba kukwera kanjira kaja, matcheni akukukuta simenti. Anakwera ndithu, mpaka pamapazi pake. Fumie anakweza miyendo, n'kugwira mkono wa namwino.

"Chotsani chinthu chimenechi."

A Unno anazimitsa sipika msangamsanga, n'kumuyendetsanso kuti amve magiya okha. Magiyawo anali a Unno enieni. Sankamveka ngakhale pang'ono. Fumie anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika manja pamaondo n'kuwerama.

"Pepani bambo, kuno kuli odwala. Zidole kaseweretseni kunja."

Mmene tinatsikira phiri lija sindifuna kukumbukira. A Unno anakhuthulira bokosi lonse pansi m'sitolo mwanga, atagwada, kusanthula timawilo ndi timawaya. Magiya a Nyenje munalibe. Anaimbira anzawo mmodzimmodzi, ndipo madzulo asanafike matebulo anga onse anali akasinja ogonekedwa chagada, mimba zili yasa. Amene anatola anapezeka kuti ndi a Serizawa, dokotala wa mano wopuma ntchito, munthu wofatsa wosadziwa kukana. Anabwera akuthamanga ndi kabokosi ka magiya m'manja. A Unno anakatsegula, anazungulitsa ndi chala, n'kukaika pakhutu. Kanali phee.

"Munali giya lobenthuka dzino umu."

A Serizawa nkhope inagwa. "Ndinaliona. Ndinalizula, ndinaika lina."

"Lili kuti?"

"Galimoto ya zinyalala inatenga sabata yatha. Silinali loti n'kubweza m'bokosi, a Unno. Linali lowonongeka."

Tsiku lina lililonse tikanafa ndi phwete kuti dokotala wazula dzino la kasinja. Palibe anaseka. A Serizawa anagwada n'kugunditsa mphumi pansi, pamatope omwe aja, ndipo a Unno anawadzutsa n'kuwauza kuti atsatira lamulo la bokosi, alibe mlandu. N'zoona analibe. Ine ndinakwiyira onse, ndi bokosi lomwe, moti ndinaliponya panja. M'mawa ndinalibweza chifukwa kunkagwa mvula.

Zitsulo zonse a Unno anazichotsa, anabwezera Nyenje matcheni ake apulasitiki ndi mota yake yofooka, zimene zinabwerera kuchokera kwa anzawo. Chotsala ndi dzino lija. Kuyambira pamenepo, munthu amene moyo wake wonse ankathetsa phokoso m'makina amakhala pangodya ya sitolo yanga ndi tupa, kuwononga magiya atsopano mwadala. A Serizawa amabwera ndi zida zawo zakale za mano n'kumabenthula pang'onopang'ono. Magiya ena a Unno anakawagwetsa pakhonde lomwe lija, pamalo omwe aja. Akaika giya, azibambo onse amatsinzina n'kumvetsera, odeni akuzizira m'mbale. Wina amati ndi yemweyo. A Unno amapukusa mutu. Khutu lawo silinama, ndipo limeneli ndiye tsoka lawo: amadziwa asananyamuke kuti si kulira kwake, komabe Lachitatu amanyamuka.

Kasinja wawo wina wachitsulo, amene anthu ankachokera ku Yaizu kudzamuona, sanamutulutsenso. Mwamuna amene ndinkamuthamangitsa ndi chikombe, tsopano ndimamuwonjezera dzira m'mbale osamuuza. Zimandipweteka, ndipo kukwiya ndinasiya chifukwa kulibe kokwiyira.

Lachitatu lapitali tinapita ndi giya limene ngakhale a Unno anati layandikira. Fumie waonda, salankhulanso kwambiri. Nyenje analowa pakhomo. Tsiii, ka. Tsiii, ka. Fumie anachotsa maso pawindo, anapendeketsa mutu. Anayang'ana kasinjayo, anayang'ana mwamuna woima pakhomo ndi rimoti.

"Bambo," anatero, "mwamuna wanga ali nako kangati kameneka, koma kake kamalira bwino."

"Eya, mayi."

"Anasiya kubwera. Kaya ndinamukalipira kwambiri za nsapato. Mukamuona mumuuze kuti sindinakwiye, abwere."

A Unno anaika rimoti m'thumba la jekete, anaimika mapazi pamodzi, n'kuwerama mmene mlendo amaweramira.

"Ndikamuuza, mayi."

Ananyamula Nyenje m'manja, ndipo tinatsika kanjira kaja kupita kugalimoto.