Tepi Yakuda ya Amalume Yotamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amalume anga, a Yotamu, ananditenga kumudzi kuti ndikakhale nawo kutauni, ku Kabwata. Sukulu ndinali ndisanayambe. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pomwe sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira pamzere.

Amalume ankagwira ntchito m'gulu la masewero lomwe linkaonetsa m'holo ya m'dera lathu. M'gululi aliyense ankaitanidwa ndi dzina la ntchito yake. Wotsogolera sewero anali dairekitala. Amalume anali gafa, kutanthauza mkulu wa nyali ndi zingwe za magetsi. Dzinali analitenga kwa ojambula mafilimu amene anawaphunzitsa ntchitoyi. Wachiwiri wawo, ba Chanda, bambo wa imvi wochokera kumigodi ya ku Kopala, ankatchedwa besiti boyi, ndipo ankakonda kudandaula kuti ufulu unabwera koma uboyi wawo sunathe.

Chuma cha amalume chinali mpukutu wa tepi yakuda ya nsalu. Inkang'ambika ndi zala zokha, koma ikagwira inkagwiradi, ndipo inkanunkha ngati tayala latsopano. Ankamatira zingwe pansi kuti osewera asapunthwe. M'masitolo munalibe, choncho sewero likatha ankaimatula mosamala n'kuikulunga pabotolo. Lamulo lawo linali limodzi: amene wamata ndiye amamatula.

Ine nkhawa yanga inali ina. Anyamata a m'Kabwata ankanditcha wakumudzi, ndipo akamasewera mpira ntchito yanga inali kukautola ukagwera m'ngalande. Mpirawo unali wansanza, unkamasuka tsiku ndi tsiku. Loweruka lina masana ndinapititsa chakudya cha amalume kuholo. Anthu onse anali panja. Kuseri kwa katani, polowera osewera, ndinaona mzere wa tepi utaphimba chingwe. Ndinagwada n'kumatula, kutalika kwake ngati mikono itatu. Ndinathamangira kubwalo, ndinakulunga mpira uja mpaka unalimba, ndipo tsiku limenelo anandilola kusewera kutsogolo.

Zomwe zinachitika kuholo anandifotokozera ndi ba Chanda. Sewero linayamba masana omwewo, mawindo atatchingidwa ndi mabulangete. Ba Mwila, mayi amene ankasewera ngati namwino, analowa akuthamanga monga mwa gawo lawo. Phazi linakola chingwe, chingwe chinakoka nyali yaikulu, ndipo nyaliyo, ili yotentha, inawagwera patsaya. Pampando wakutsogolo panali tcheyamani wa chipani.

Dairekitala anafunsa amene anasiya chingwe poyera. Ba Chanda analumbira kuti anaona tepi itamatidwa m'mawa, n'kuloza guluu amene anatsalira pansi. Amalume anawaletsa.

"Chingwe n'cha gafa," anatero. "Osasakila munthu wina."

Lolemba amalume anachotsedwa ntchito. Atabwera kunyumba anapeza mpira uja kuseri kwa chitseko. Anautembenuzatembenuza m'manja nthawi yaitali, ine nditaima pafupi. Nsonga imodzi ya tepi inali itamatuka, ndipo anaikanikiza ndi chala chachikulu, monga ankachitira pazingwe.

"Wamata bwino, mwana wa mlongo wanga," anatero, n'kundibwezera mpirawo.

Ndinadikira mbama, siinabwere. Ndinadikira funso, silinabwere. Iwo anakhala pansi n'kumandiyang'ana, ngati munthu amene wasiya khomo lotsegula. Ine ndinatuluka panja.

Amalume anakalamba akukonza mawailesi patebulo laling'ono kumsika wa Soweto. Ba Mwila sanabwererenso pasiteji. Patapita zaka zambiri ndinawaona pasiteshoni ya mabasi ya Intercity akugulitsa mazira owiritsa, duku atalikokera patsaya. Anandizindikira, n'kundifunsa akumwetulira mbali imodzi: "Ba gafa bali bwanji?" Ndinayankha kuti ali bwino. Ndinagula mazira awiri n'kukwera basi. Sindinawadye.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili kale ndi ana, kusukulu ya akuluakulu. Amalume atamwalira, m'Baibulo lawo ndinapezamo pepala la sewero lija, lili ndi mndandanda wa anthu ndi ntchito zawo. Ndinatsata ndi chala, liwu ndi liwu, mpaka ndinafika pamzere wawo: Gafa, Yotamu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti maina aja ndi ongodzikometsera. Tsopano ndikudziwa kuti amalembedwa kuti chinthu chikalakwika pakhale woyankha. Amalume anayankha za chingwe, chifukwa chinali chawo. Za tepi anandisiyira ine, ndipo anadikira mpaka kumanda. Lero ndine nkhalamba, onse amene ndikanawauza anapita, ndipo fungo la tayala latsopano ndimalithawabe. Kwatsala pepala lokha ili, choncho ndikulembapo: amene anamatula tepi ija ndine.