Ngolo ya adada yasanduka sofa

Monire mose!

Lero ine ndi alamu a Jere tamaliza kukonza kuseri kwa nyumba, kuja nonsenu munkatayako zitini. Tatchetcha, tasesa, tamanga kamthunzi ndi matabwa otsala a ku Chikangawa. Ngolo ya adada ija, imene akhala akuti aikonza mawa kuyambira ine ndili ku pulayimale, taichotsa matayala n'kuyalamo matiresi.

Adada pobwera kuchokera ku Edingeni aipeza. Moto! "Ndani wakhudza chuma changa? Mbwenu mwandiika m'manda ndili moyo!" Amama angothawira kukhitchini.

Akalipa mpaka miyendo kutopa, ndiye akhala pangolo pomwepo kuti atikalipire bwino. Pano akuliza mkonono, chipewa kumaso, nsapato avula.

Abale, tiwadzutse tipepese, kapena tingowafunditsa bulangete?