Chifuwa cha a Shehe Fathallah

Ntchito yanga ndi yodzutsa matenti a maliro kuno ku Damanhur, ndipo owerenga Korani ndawamva ambiri. Wofanana ndi a Shehe Fathallah sindinamuonepo. Anali mwana wa mlimi wa thonje, munthu wamfupi, wosachedwa kupsa mtima. Koma akakwera pampando wowerengera n'kugwira khutu, ngakhale ogawa khofi ankaima chilili.

Chuma chawo chinali mawu awowo basi. Munda wa bambo awo anaulimbirana ndi mlongo wawo Wagida mpaka kukhoti, ndipo kuchokera pamenepo awiriwa sankapatsana moni, ngakhale pa Idi.

Atayamba kukula, adokotala anawapeza ndi matenda othamanga magazi, n'kuwapatsa mapilitsi. Posakhalitsa kunabwera chifuwa chouma, chokanda kukhosi, chopanda makhololo. Ife ena tikhoza kupirira. Koma wowerenga sadula mawu a Mulungu paliponse pomwe wafuna. Mpweya umodzi uyenera kumufikitsa popumira.

Pa maliro a mwini chigayo wina, a Shehe anatsokomola mpaka anamfedwa anayamba kuyang'anizana. Atatsika, Hamdun wogawa khofi sanawasiye.

"A Shehe, lero mwabwera ndi mbuzi kukhosi? Itulutseni tizinge, anthu adye."

"Choka apa, bulu iwe! Khofi wako wa utuchiyu ndi amene akundipha."

Tinaseka, koma mabanja anayamba kuitana owerenga ena. A Shehe anamwa uchi, anamwa jinja, anasiya madzi ozizira. Osasintha.

Kenako anapita kukacheza kwa mwana wawo ku Alexandria, mapilitsi n'kuwaiwala kunyumba. Pobwerera chifuwa chinali chitatha. Anandipeza ndikutsitsa mipando pangolo.

"Mdani wanga ndamugwira, a Haji. Ndi timapilitsi tija. Ndatitaya."

"Pitani mukawauze adokotala," ndinatero.

"Kuti akandikalipire n'kundibwezera tomweto? Ananena okha kuti n'tomwa mpaka kufa."

"Ndiye mwasankha kufa msanga."

"Tsiku la munthu linalembedwa kale. Inu samalani zingwe zanu."

Ndinawauza kuti kumeneko si kukhulupirira, ndi makani. Anandinyanyala. Koma mawu anabwereradi, ndipo matenti anayambanso kudzaza. Amene ankawamva ankati a Shehe abwerera ku unyamata. Ine ndinkaona nkhope yofiira ndi dzanja losachoka pamutu.

Anagwa Lachisanu lina masana, akuvala nsapato pakhomo la mzikiti.

Kuchipatala ndinakumana ndi Wagida atakhala pabenchi, bakuli la chakudya lili pamwendo. Nditamufotokozera za mapilitsi, anagwira pakamwa.

"Omwewo anandisautsa ine! Mwana wanga Sabri nayenso, chimodzimodzi. Adokotala anati zimayenda m'magazi, mabanja ena mankhwala amenewa amawatsokomoletsa. Anangotisinthira mtundu wina, basi, chifuwa n'kutha."

"Nanga simunamve kuti achimwene anu akutsokomola?"

"Ndinamva. Tauni yonse inkanena."

"Ndiye?"

Anayang'ana pansi. "Ndinati abwere okha adzandifunse."

Sindinamutonthoze. Nyumba zawo n'zoyandikana moti utsi wa kukhitchini kwa wina umafika pazenera la mnzake. Akanatha kutuma ngakhale wogulitsa buledi. Koma achimwene akenso sindingawayeretse: chipatala chinali chotsegula, ndipo pakamwa pofunsira anali napo.

A Shehe akadali moyo. Dzanja lamanja silinyamuka, ndipo zomwe amayankhula amazimva ndi akazi awo okha. Mapilitsi atsopano amamwa m'mawa uliwonse, Wagida ndi amene amabwera kudzawamwetsa. Satsokomola.