Filiji yachitatu yafa, bambo a Tadala

Bambo a Tadala, filiji yafanso. Ndi yachitatu chichokereni inu, ndipo iyi sinakwanitse ngakhale zaka ziwiri. Wokonza wa ku Biwi wabwera m'mawa, waisuzumira kumbuyo n'kupukusa mutu. Akuti, "Amayi, zamakonozi n'zomata. Zikapsa m'kati, mwataya." Mankhwala anga a shuga safuna kutentha, ndiye panopa ali m'chikho cha madzi pansi pa bedi, mwezi wa Okutobala uno.

Ndakumbuka Loweruka lina mutagwada kuseri kwa filiji yathu yakale ija, mukuchotsa fumbi ndi mswachi wotha. Ndinakufunsani ngati simutopa nayo. Munati, "Mayi a Tadala, chinthu chokhala ndi mabawuti, amene anachipanga ankafuna kuti tizichikonza." Titangokuikani, ana anati filijiyo ikuchititsa manyazi pabalaza, n'kuigulitsa kwa mayi wina wogulitsa thobwa lozizira ku Kawale. Mpaka lero sinaimepo. Mawa ndivala bwino, ndikagogode kwa mayiyo, ndikapemphe kangodya koikapo mankhwala m'filiji imene munagula inu.