Chigongono cha Mayi Amandasi

Mayi ogulitsa mandasi pa siteji ya Chitakale salankhula ndi pakamwa pokha. Akamakuuza nkhani amakugunda ndi chigongono, moti makondakitala amawapatsa moni ataima patali. Chizolowezichi anachitengera kunyumba. Amuna awo amaliza mkonono koopsa, kenako n'kusiya kupuma ali m'tulo, ndipo chowadzutsa chakhala chigongono chomwechi.

Chaka chatha, adokotala atalangiza, mwana wawo anatumiza kuchokera ku Joni makina amagetsi opopera mpweya m'mphuno pogona. Bamboyo amadandaula kuti makinawo amawaumitsa kukhosi, koma mayiwa amangoti, "Mumwa tiyi m'mawa. Bola mwadzuka."

Tsono kunagwa maliro kumudzi kwa bamboyo ku Thuchila, kopanda magetsi, ndipo pamaliro abambo amagona panja paokha. Dzuwa lisanalowe, mayiwa anakokera pambali mlamu wawo, a Edmundo.

"Alamu, mugone pafupi ndi achimwene anu. Mkonono ukangoti zii, muwagunde apa." Anawasonyeza powagunda ndi chigongono m'nthiti mwawo momwe, a Edmundo mpaka kudumpha.

M'mawa mlamuyo anabwera maso ali psuu. "Koma alamu, zaka zonsezi inuyo mumagona nthawi yanji?"

"Ine?" mayiwa anaseka, n'kuwagundanso. "Kugona ndayamba chaka chatha."